Zala Ziwiri Pansi pa Bampala

1. Dzino

Dzino la bambo a Kaphuma linasankha tsiku loipa. Linadikira mpaka galimoto ya a Kwaya itatsala pang'ono kutha kukonzedwa, ndiye linayamba kuvuta. Pofika m'mawa tsaya lakumanzere linali litatupa moti ngakhale chipewa chinkakhala chopendekeka.

Kaphuma anali mtsikana wa kusekondale, ndipo dzina limeneli sanabadwe nalo. Analitola chifukwa ankayankha funso lisanathe, ankamwa tiyi asanapole, ndipo kawiri konse anadzitsekera mwendo ndi chitseko. Koma manja ake anali abwino. Zimenezo ngakhale amene ankamuseka sankatsutsa.

Tchuthi chimenechi ankathandiza m'galaja ya bambo ake, koma anali pa ulusi. Mayi ake ankafuna kuti apite kwa azakhali ake, atelala a kutauni ina, akaphunzire kusoka. Bambo atachonderera, mayi anavomera ndi mawu amodzi okha: "Akhale. Koma akangoononga chinthu cha mwini, kapena kuchita chimene mwamuletsa, akwera basi."

Kaphuma ankaopa basi imeneyo kuposa mayeso a masamu. Azakhaliwo ankayambitsa aliyense ndi mabatani, ndipo msuweni wake wina anakhala pa mabatani mpaka kumera ndevu.

Galimoto ya a Kwaya inali yakalekale, yobiriwira, ya mphuno yaitali ndi nyali zozungulira ngati maso a munthu wodabwa. Inabwera mochita kukokedwa, makoswe atamanga mudzi pansi pa mipando. Bambo anakonza injini, anasokanso mipando, anapaka penti watsopano. Chimene sanasinthe ndi bampala ya kumbuyo yokha, chitsulo chonyezimira chija, chifukwa mwini wake analetsa. Iwo anali mphunzitsi wa nyimbo wopuma pantchito, n'chifukwa chake onse ankangowatcha a Kwaya.

Ntchito yotsala inali yochepa. Paipi ya utsi, imene amakaniko amati ekizosi, inkagawikana pawiri kumbuyo, ndipo kumapeto kwake kunkafunika kuvekedwa timapaipi tiwiri tonyezimira. Bambo ankatitcha milomo.

2. Chenjezo

Munthu wina dzino likamamupweteka amakhala chete. Osati bambo a Kaphuma. Anaima pakhomo pa galaja, dzanja lili patsaya, n'kuyamba.

"Tamvera, iwe. Milomo iwiriyi anthu amaiyesa zokongoletsera chabe. Sizoona. Ukailowetsa kwambiri pansi, utsi umadetsa bampala, wina umabwerera m'buti n'kulowa m'kati, woyendetsa n'kumasinza osadziwa chamugoneka. Ukaitulutsa kwambiri, mwini wake potsegula buti apsa miyendo, ndipo atukwana iwe, ine ndi agogo ako amene sanawaonepo. Ndiye uitulutse zala zitatu kupitirira bampala. Wamva?"

"Ndamva, Bambo. Zala zitatu, kenako—"

"Sindinamalize. Pakati pa mlomo ndi bampala usiye mpata wa zala ziwiri. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo injini ikamalira paipi yonse imagwedezeka. Ikufuna malo opumira. Galimoto ikhale pa matayala ake, osati pa jeke. Ukaveka, ubwerere m'mbuyo mpaka pachipata, unyonyomale, uone ngati milomo yonse ikuyang'ana kumodzi. Galimoto ya mlomo wokhota imachititsa manyazi mmisiri kulikonse kumene yapita."

Anameza malovu, natsinzina ndi ululu, napitiriza.

"Tsopano chachikulu ndi ichi. Umange ndi mabawuti okha. Usawotcherere. Bawuti ukalakwitsa umamasula, koma chowotcherera ukalakwitsa umachita kudula. Ndikabwera kozula dzinoku tiliza injini, itenthe bwinobwino, tione mmene zakhalira, ndiye tiwotcherera. Ndati chiyani?"

"Ndisawotcherere."

"Unenenso, khutu linali silikumva bwino."

"Ndisawotcherere, Bambo."

Bambo anatembenukira kwa mchimwene wake wa Kaphuma, amene anali atagona pa mpando wakale wa lole pakona. Ameneyu ankatchedwa Mawamawa, chifukwa panalibe ntchito imene inkamuoneka yoyenera lero.

"Iwe, umuyang'anire mlongo wakoyu."

"Maso anga onse ali pa iye," anatero Mawamawa, maso ali chitsinzinire.

Pakhoma panali tepi yoyezera, koma inali itachita dzimbiri pa msomali. Bambo sankaigwiritsa ntchito. Ankati tepi imasowa, imabwerekedwa, imabedwa, pamene dzanja umayenda nalo.

3. Moto

Tinene chilungamo, ntchito Kaphuma anaigwira. Anatsitsa galimoto pa jeke. Anagona chagada pa katoni, n'kuveka mlomo woyamba, kenako wachiwiri. Anayeza zala zitatu kunja. Analowetsa zala ziwiri pakati pa mlomo ndi bampala, ndipo zinakwana ndendende. Anathamangira kuchipata, ananyonyomala, anabwerera, anapotoza pang'ono wa kumanja, anathamangiranso kuchipata. Milomo inali ngati mapasa.

Chimene chinamunyansa ndi mabawuti. Ankaonekera pansi, akuda bii, pa galimoto yokongola ngati imeneyo.

Apo foni ya m'galaja inalira. Anali a Kwaya. Anati adutsa masana, angoisuzumira.

Kaphuma anaika foni pansi n'kuyang'ana makina owotcherera. Makinawo anali phee pamalo pake, osaputa munthu.

"Achimwene, mukuona bwanji? Ndingomalizitsa?"

"Bola mawa," anatero Mawamawa.

Umenewo unali uphungu wabwino, mwina woyamba m'moyo wake wonse. Tsoka lake n'lakuti Mawamawa ankayankha choncho ngakhale ukamufunsa ngati akufuna kusamba, ndiye palibe amene ankamumvera.

"Ndayeza monga ananenera Bambo," anatero Kaphuma. "Zitatu kunja, ziwiri pakati. Akabwera adzachita chomwechi. Ndikungowachepetsera ntchito, munthu akudwala."

Atanena zimenezi anadzimva kuti ndi mwana wachifundo kwambiri. Anaphimba bampala ndi chiguduli chonyowa, anavala chigoba cha kumaso, n'kuyatsa makina. Moto unathetheka. Atavula chigoba, mzere wowotcherera unali wosalala ngati mikanda yotungidwa bwino. Anamasula mabawuti aja n'kuwaponya m'chitini.

"Achimwene, tadzukani muone."

Mawamawa anatsegula diso limodzi. "Wawotcherera?"

"Ee."

"Ine sindinaone," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

4. Khutu la a Kwaya

A Kwaya anafika atavala jekete ndi tayi, ambulera ili m'khwapa ngakhale kunalibe mtambo. Anali munthu wamfupi, waulemu, wa khutu loopsa. Ankati akamva chitseko chikulira, amaima n'kunena ngati chakweza kapena chatsitsa.

Anaizungulira galimoto pang'onopang'ono. Atafika kumbuyo anavula chipewa.

"Yatha?"

Apa Kaphuma akanatha kunena kuti ayi, tidikire Bambo. Pakamwa pake panayankha mutu usanafunsidwe.

"Yatha, agogo. Milomoyo ndaika ndine."

"Ndiye tiyeni tiimve ikuimba."

Anadzutsa Mawamawa kuti ayendetse, popeza ndiye anali ndi laisensi. A Kwaya anakhala kutsogolo, Kaphuma kumbuyo. Injini inalira bwino zedi. Anadutsa malo ogulitsira matayala, anadutsa sukulu, anthu akutembenuka kuyang'ana. A Kwaya ankagwedeza chala m'mwamba ngati akuimbitsa.

Atayamba kukwera chitunda, chala chija chinaima.

"Pali wina akuimba zake."

"Ndani, agogo?"

"Kumbuyoko. Akuti go, go, go. Sali pamodzi ndi anzake. Taimani."

Mawamawa anaimitsa n'kuzimitsa injini. Onse anatsika. Anagwedeza zitseko, anamenya matayala, anasuzumira pansi. A Kwaya anapezerapo mwayi wofotokoza za munthu wina wa besi amene anawavutitsa m'kwaya, ndipo nkhaniyo inali ndi chiyambi chachitali, pakati pataliko, ndi nthambi zingapo. Pamene inkatha, paipi inali itazizira. Analiza injini. Phokoso kunalibe.

"Mwaona," anatero Mawamawa. "Yachita manyazi."

Anayendanso. Pasanapite nthawi, go, go, go.

"Ndi ambulera yanuyo," anatero Mawamawa.

A Kwaya anatulutsa ambulera pawindo n'kuigwirira kunja, ngati mbendera. Go, go, go.

"Ndiye ndi sipanala ili m'buti."

Anaima, anatulutsa sipanala, Kaphuma n'kuifungatira pamiyendo. A Kwaya anakumbukira mbali ina ya nkhani ya wa besi uja. Phokoso linathawanso, ndipo atangoyenda pang'ono linabwerera ndi mphamvu.

Mawamawa anawayang'ana a Kwaya cham'mbali. "Agogo, musakhumudwe. Manowo ndi anuanu?"

"Mnyamata iwe, mano anga ndi oikirira, koma saimba zawo," anatero a Kwaya.

Kaphuma sanaseke. Iye anali kumbuyo, ndipo phokosolo ankalimva pansi pake penipeni. Limabwera galimoto ikatentha, limachoka ikazizira. Mawu a bambo ake onena za chitsulo chotalika anamubwerera onse. Akanatha kunena pomwepo kuti aime, adikire. Koma anaopa. Anangoti, "Tiyeni tibwerere."

Pobwerera anadzera njira ina yokwera, ndipo Mawamawa, pofuna kufika msanga pa mpando wake, anaponda mafuta. Kenako m'galimoto munamveka fungo.

"Kodi wina wapsereza kanthu?" anafunsa a Kwaya.

5. Zala

Anapeza bambo ataima pachipata, thonje lili m'kamwa, tsaya ngati abisamo dzira. Adokotala anali atawauza kuti asayankhule mpaka magazi ataleka. Kwa munthu ngati iwo chimenecho chinali chilango choposa kuzula dzino.

Sanafunse kanthu. Ananunkhiza, n'kupita kumbuyo kwa galimoto. Onse anawatsatira.

Milomo yonse iwiri inali itatsamira bampala. Pamwamba pa mlomo uliwonse chitsulo chonyezimira chija chinali chitasintha mtundu, pena chikasu, pena chofiirira, ndipo panali tizipsera pamene paipi inkamenya. Penti wa m'munsi mwake anali atatuluka matuza.

Bambo anagwada, anaona mzere wowotcherera uja, anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamuyang'ana Kaphuma.

"Ndinayeza, Bambo," anatero Kaphuma. "Zala ziwiri, monga munanenera. Sindikunama."

Bambo anakweza dzanja kuti onse adikire. Anadikiradi mpaka chitsulo chitazizira n'kubwerera pamalo pake. Ndiye analoza Kaphuma, n'kuloza mpata uja. Kaphuma analowetsa zala zake ziwiri. Zinakwana ndendende.

Bambo anayesa zawo. Ziwiri zinakana. Anayesa chimodzi. Chinalowa nsonga yokha, n'kukanirira.

Abale, zala za bambo amenewa! Zinali zitamenyedwa ndi hamala, zitapanidwa ndi zitseko, zitatupa n'kuiwala kuphwa. Chimodzi chinali ngati chogwirira cha fosholo. Anatambasula dzanja lawo pambali pa la mwana wawo, ndipo aliyense anaona kuti zala ziwiri za bambo zinali zinayi za Kaphuma.

Mawamawa anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya bambo anasandutsa chifuwa.

Bambo analavula thonje, za adokotala zinathera pomwepo.

"Za zala, wolakwa ndine," anatero, mawu akutuluka mbali imodzi ya kamwa. "Ndinaiwala kuti dzanja langa si la dziko lonse. Ukanamanga ndi mabawuti, bwenzi pano tikuseka tonse. Tikanaliza injini pompano, tikanamva go koyamba, tikanamasula n'kutsitsa pang'ono, nkhani n'kutha. N'chifukwa chake ndinati usawotcherere. Sindinakuletse chifukwa sudziwa kuwotcherera. Taona mzerewu, ngakhale ine sindingaufike. Ndinakuletsa chifukwa aliyense amalakwitsa poyeza, ine ndemwe, ndipo mmisiri amasiya khomo lobwererera. Iwe unatseka khomolo, n'kutenganso galimoto ya mwini kupita nayo kumsewu. Ndipo phokoso unalimva. Sunalimve?"

"Ndinalimva."

"Unadziwa kumene likuchokera?"

Kaphuma anayang'ana pansi. "Ndinadziwa, pobwerera."

"N'kukhala chete."

Anatenga sowo yodulira zitsulo pakhoma n'kumupatsa. "Dula wekha."

Kudula ntchito yoipa n'kosavuta. Kudula ntchito yako yokongola kumawawa. Kaphuma anagona pa katoni paja n'kuyamba kucheka, tizitsulo tikumugwera kumaso. Mzerewo unali wolimba kwambiri, ndipo unamutengera nthawi yaitali kuposa kuwotcherera kwake.

6. Kampango

Atatuluka pansi pa galimoto anapeza a Kwaya atagwada pa simenti ya oyilo, thalauza lawo labwino osalisamala. Anali atatulutsa kampango koyera, akupukuta pamene panapsa. Ankauzira mpweya, n'kupukuta, n'kuuziranso.

"Sizichoka, achikulire," anatero bambo mofatsa. "Kwalowa m'kati. Tikhoza kutumiza bampalayi akaikutenso, ibwera yonyezimira ngati yatsopano."

"Yatsopano sindikuifuna," anatero a Kwaya, osatembenuka. "Galimoto yonseyi mwasintha, ndipo mwachita bwino. Koma chitsulo ichi malemu mkazi wanga ankachipukuta yekha. Tikafika kulikonse ankazungulira kumbuyo kuno, n'kuwerama, n'kudziyang'anirapo ngati tsitsi lili bwino. Chinkamuonetsa nkhope yotambalala ngati mbale, ndiye ankaseka mpaka kugwira galimoto. Ine ndinkati tachedwa, iye ankasekabe. Ndinkafuna pakhale chinthu chimodzi chimene manja ake anachisiya mmene chilili."

Kaphuma analira. Sanalirire basi, kapena mabatani. Analira chifukwa anamvera chisoni mkulu uja, ndipo panalibe sipanala yokonzera zimenezo.

"Pepani, agogo. Ndalakwa ndine."

A Kwaya anapinda kampango kawo. Sananene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo.

Pakhomo lolowera kunyumba panamveka kukhosomola. Mayi anali ataima pamenepo, manja m'chiuno, ndipo maonekedwe awo ankasonyeza kuti sanafike kumene.

"Chinthu cha mwini," anatero mayi, akuwerenga pa chala. "Ndiponso chimene munamuletsa. Ine ndinati chimodzi chikwanira, iye wachita zonse ziwiri. Chikwama chili pabedi. Basi ndi ya m'mawa."

Kaphuma anayang'ana bambo ake. Bambo anatola thonje lina m'thumba n'kuliika m'kamwa. Pangano linali pangano, ndipo iwo anavomera okha.

"Bola mawa lake," anayesa Mawamawa.

"Iwe ukatsegulanso pakamwa, mukwera awiri," anatero mayi.

A Kwaya anadzuka pang'onopang'ono, anasasa maondo, anavala chipewa.

"Mayi, nkhani za m'nyumba mwanu sindilowerera. Koma galimotoyi ndi yanga, ndipo sinathe. Milomo yake ili pansi apo. Sindilola munthu wina kuiveka koma amene wawotcha chitsulochi. Azigona pansi pake, azichiona tsiku lililonse mpaka ntchito itatha bwino. Akachoka, galimoto ikhala pompano, pakati pa galaja, ndipo palibe ina ilowe."

Bambo anayang'ana galaja yawo, imene inali ndi malo a galimoto imodzi yokha. Anayang'ana akazi awo. Thonje linagwedezeka m'kamwa.

Mayi anawayeza a Kwaya ndi maso kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Chikhalire palibe munthu anali atawabwezapo mawu pakhomo pamenepo, kaya mwininyumba, kaya aphunzitsi aakulu.

"Basi imanyamuka m'mawa, achikulire."

"Ndimadzuka m'mawa kuposa basi, mayi," anatero a Kwaya. "Mundisungire mpando pakhomo pano. Ndikubwera kudzacheza nanu."

Ananyamula ambulera yawo n'kutuluka pachipata wapansi. Kaphuma anatsala ataima pakati pa galaja, sowo ili m'manja, osadziwa ngati akalongedze zovala kapena atole milomo ija.